Chitseko cha Celestina

Celestina atabwera kuchokera kudimba masana amenewo, mtanga wa kachewere uli pamutu, anapeza nyumba yake ili yasa ngati pakamwa pa munthu wopanda mano. Chitseko panalibe.

Poyamba anaganiza za anthu a m'tchire, zigawenga za nkhondo ya ku Mozambiki, poti masiku amenewo chinthu chikasowa ku Ntengo-Wambalame maganizo ankathamangira komweko. Koma am'tchire akabwera ankatenga mchere, mabulangete ndi mbuzi, ndipo chitseko ankachithyola ndi mwendo. Apa mchere unali m'chikho chake, mabulangete a ana ali pachingwe, ndipo pamphuthu panalibe ndi pokandika pomwe. Maparafuzu onse, timisomali topota togwira chitseko, anali atamasulidwa bwinobwino. Munthu wogwira chitseko mwaulemu chotero m'mudzi monsemo anali mmodzi yekha, mwamuna wake Vasco.

Ana ake, Sara ndi Jaime, anali kuseri akusewera. Anati bambo awo amangirira chitsekocho panjinga n'kunena kuti akukachikonza. Amayi ake a Celestina, amene miyendo inali itasiya kuwamvera, anali pakhonde akuwotha dzuwa. Iwo anawonjezera kuti mkamwiniyo watenganso bulangete lake ndi jekete la kutchalitchi, ndipo walowera njira ya kumalire.

"Chitseko chokakonzedwa ndi jekete la kutchalitchi sindinachionepo," anatero gogoyo, n'kutembenuzira msana kudzuwa.

Vasco kwawo kunali ku Chidzolomondo, ku Macanga. Anabwera ali mnyamata kudzakhoma mipando ya ana pashikola, sukulu ya m'mudzimo. Mipando inatha, iye osabwerera, poti anali ataona Celestina. Anali kalipentala wa manja abwino ndi pakamwa posatopa. Atamusankha kukhala shefi wa nyumba khumi, anayamba kuyenda ndi pensulo kukhutu ngakhale popita kukasamba, ndipo pamsonkhano ankayankhula mpaka amayi kuyamba kuzemba kukaphika. Udindowo unamukomera kufikira pamene kunamveka mbiri yoti am'tchire akalowa m'mudzi amayamba kufunsa komwe kuli mashefi. Kuyambira pamenepo nyimbo yake inali imodzi: tiyeni ku Malawi. Celestina ankayankha kuti kachewere sanakumbidwe, amayi sangayende, ndipo munda wa makolo ake sangausiyire anyani chifukwa cha mphekesera. Vasco ankati mkazi wabwino amatsata mwamuna. Celestina ankati mkamwini wabwino amakhala pamene anamupeza mkazi. Mkangano unkathera pamenepo, mawa lake n'kuyambiranso pomwepo.

Unali mwezi wa Junyu, ndipo mphepo ya kumapiri a Tsangano siyembekeza kuti wina aiyankhe odi. Celestina anapachika mphasa pakhomo, koma mphasayo inaletsa maso a anthu basi. Mphepo inkalowa, nkhuku zinkalowa, ndipo m'mawa wina anapeza mbuzi ya eni ake ikunyambita ufa m'lichero. Jaime anayamba kutsokomola.

Nkhani ya banja imapita kwa ankhoswe, koma nkhondo inali itawamwaza. Nkhoswe wa Celestina, mlongo wake Matias, anali atawoloka kale malire ndi mkazi wake. Wa Vasco anali ku Chidzolomondo, ndipo msewu wa kumeneko unali ndi mabomba okwirira, palibe ankauyenda. Choncho Celestina anapita kwa Mayi Lucinda, mlimi wa nyemba amene anthu anawasankha kukhala mmodzi wa oweruza a tiribunali, bwalo limene boma linaika kuti lizimva milandu ya m'midzi. Anali mayi wathupi, wosachedwa kuseka. Atamva nkhaniyo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje, kenako anapepesa, n'kunena kuti umenewu ndi mlandu weniweni ndipo Celestina abwere tsiku limene bwalo likumana.

Bwalolo linkakumana m'kalasi ana akaweruka. Wapampando anali mphunzitsi wa pashikolapo, Purufesoli Horácio, amene boma linawatumiza kuchokera ku Tete, kotentha, ndipo chibwerereni anali asanagwirizane ndi mphepo ya kuno. Ankaphunzitsa atavala majekete awiri, Chichewa chawo chikumveka Chinyungwe apo ndi apo. Mlandu wa chitseko unawakhudza kuposa mmene Celestina ankayembekezera. Anafunsa ngati kumutu kwa ana kumaloza kukhomo, n'kupukusa mutu atamva kuti inde. Kenako anamufunsa chimene akufuna kwenikweni, chitseko kapena kutha kwa ukwati.

"Chitseko choyamba, a purufesoli," anatero Celestina. "Za mwamunayo ndiganiza nditafunda."

A Horácio anafotokoza kuti pa chitsekocho lamulo lili kumbali yake, chifukwa katundu wa nyumba yogona ana munthu mmodzi sangamuchotse mwa iye yekha, ngakhale atakhala kuti anamupanga ndi manja ake. Koma anati mavuto alipo awiri. Munthu saweruzidwa asanamvedwe, ndipo milisiya, msilikali wa m'mudzi, sangatumidwe kukagwira munthu m'dziko la eni. Mayi Lucinda anati Vasco sasowa. Msika wa pamalire uli pamsewu waukulu, mbali ino Mozambiki, mbali inayo Malawi, ndipo munthu wokonda kuyankhula ngati ameneyo sangalole khamu lotero kumupita. A Horácio anaganiza kanthawi, akupukuta choko m'zala.

"Mphamvu ya bwalo lino imathera pamene Mozambiki wathera," anatero. "Koma palibe lamulo loletsa makutu athu kumva za tsidya. Tipita."

Tsiku la msika ananyamuka m'mawa chifunga chisanachoke, Celestina atasenza kachewere kuti ulendo usapite pachabe. Pamsikapo anthu a mbali ino ankabweretsa kachewere, nyemba ndi kabichi n'kubwerera ndi mchere ndi sopo, zimene kwawo zinali zitasowa kalekale. Vasco sanavute kupeza. Anali tsidya la msewu ataima pachulu, jekete la kutchalitchi lili m'thupi, akufotokozera anthu a ku Malawi mmene nkhondo ikuyendera ngati kuti iye ndi amene ankaiyendetsa. Ataona mkazi wake, Mayi Lucinda ndi majekete awiri a purufesoli, mawu anamuthera pakati pa nkhani.

Anakana kuwoloka. Ankaganiza kuti abwera kudzamugwira chifukwa chothawa udindo. A Horácio anamutsimikizira kuti za ushefi si zawo, iwo abwerera nkhani ya banja basi. Vasco anati pamene waima akumva bwino. Ndiye bwalo linakhala pamatumba a kachewere m'mphepete mwa msewu mbali ino, woimbidwa mlandu ataima mbali inayo, ndipo lole ikamadutsa onse ankayamba akhala chete kudikira kuti fumbi litsike. Mayi Lucinda anasowa pang'ono n'kubwera akukoka Matias padzanja. Anamupeza akugulitsa kabichi, ndipo anamuuza kuti unkhoswe suthera pamalire. Matias anakhala pambali pa mlongo wake, maso ali pansi, poti pochoka kumudzi sanatsanzike.

Anthu anasiya malonda n'kudzaza mbali zonse ziwiri.

Vasco anayamba bwino. Anati chitsekocho ndi cha mlombwa, matabwa ake anachokera nawo ku Macanga, anawapala yekha, ndipo kuyambira kale mkamwini akamachoka amanyamula zake. Amuna ena m'khamumo anavomera ndi mitu. Mayi Lucinda anamufunsa ngati mawu amenewa akutanthauza kuti wachoka pa ukwati. Vasco anati ayi, sanachoke. Anamufunsa kuti nanga ngati sanachoke, wanyamuliranji zake. Mwamwayi wake panadutsa lole, ndipo fumbi litatsika anayankha ndi mawu ena, otsika, moti a mbali ino anachita kutchera khutu.

"Ndimati mphepo ikakulowani mubwera, amake Sara. Ine kumeneko sindigona tulo. Galu akauwa ndimangoti afika."

Celestina anamva mtima wake ukufewa pang'ono. Mantha a mwamunayo sanali onama. Shefi wa mudzi wina kuseri kwa phiri anatengedwa nyengo yokolola ndipo sanabwerere. Vasco akanathera pamenepo, mwina nkhani ikanapita kwina.

Koma a Horácio anafunsa funso lophweka, kuti chitsekocho chili kuti pakali pano, chikatengedwe. Vasco anati chasungidwa pabwino. Anamufunsa kuti pabwinopo ndi pati. Anati kwa mnzake. Akufunafuna dzina la mnzakeyo, mayi wina wogulitsa zitumbuwa kumbuyo kwake anaimirira akupukuta manja. Anali wowonda, wamtali, chitenje chake chakale koma chochapa bwino. Anati dzina lake ndi Verónica, ndipo chitsekocho chili panyumba pake.

Anafotokoza mosafulumira. Nayenso kwawo kunali ku Chidzolomondo. Mwamuna wake anafa ndi nkhondoyi, iye n'kuyenda ndi ana m'tchire mpaka kudzafika kuno, kumene anamanga kanyumba kotseka ndi thumba. Vasco anafika tsiku lina ndi chitseko panjinga, n'kunena kuti mkazi wake wamupitikitsa pamodzi ndi chitseko chomwe, ndipo anapempha kuti monga munthu wa kwawo azigona kukhitchini. Masiku aposachedwa anali atayamba kumufunsa ngati kukhala yekha sikumulemera.

"Ndikanadziwa kuti kuli ana akugona pamphepo, sindikanalola," anatero Verónica, akuyang'ana Celestina. "Anga anazolowera kale thumba."

Vasco anayesa kufotokoza kuti funso lija ankangofunsa ngati munthu wa kumudzi kumodzi, koma mawu ake anamira m'phwete. Malawi ndi Mozambiki anasekera pamodzi. Ngakhale a Horácio anabisa pakamwa m'kolala ya jekete.

Celestina anadabwa kuti sanakwiye. Ankayembekezera kuti thupi limutentha, koma anangomva ngati watula mtolo wa nkhuni umene wausenza mtunda wautali. Anakumbukira masiku amene mfuti zinalira kuseri kwa phiri. Vasco ankakhala woyamba kutuluka ndi bulangete lake, iye n'kutsala akubereka amayi ake kumsana, Jaime ali kudzanja, Sara akugwira chitenje. Zikatha Vasco ankatulukira n'kufotokoza kuti anatsogola kukaona njira.

"A purufesoli," anatero, "ndaganiza. Ndikufuna zonse ziwiri, chitseko ndi kutha kwa ukwati."

A Horácio anati bwalo silithetsa ukwati lisanayese kuukonza, ndipo anapempha Mayi Lucinda kuti acheze naye padera. Awiriwo anapita kuseri kwa mulu wa matumba. Uku Mayi Lucinda sanaseke. Anamukumbutsa kuti ino ndi nthawi ya nkhondo, nyumba yopanda mwamuna anthu amaiona mosiyana, ndipo mawu onenedwa pamsika munthu atapsa mtima amavuta kuwabweza. Anamufunsa ngati chamupweteka ndi mayi wa zitumbuwayo.

Celestina anati ayi, mayiyo alibe naye mlandu. Anati mantha akanawakhululukira, poti ndani m'mudzimo amene alibe mantha. Chimene sangachiiwale ndi chakuti munthu anakhala pansi n'kuganiza kuti ana ake azizidwe kuti iye apambane mkangano, ndipo anamasula maparafuzu onse mosaphonya ndi limodzi lomwe. Anati nyumbayo yakhala yopanda mwamuna nthawi iliyonse imene mwamuna ankafunika, ndiye sakuona chimene chisinthe kupatula ndiwo kutsala zambiri.

Mayi Lucinda anati amva.

Atabwerera, Matias anayesa kuchita unkhoswe wake. Anayamba kunena za kupirira, kuti banja ndi kupirira, koma mlongo wake anangomuyang'ana, ndipo iye anamaliza ndi mawu akuti komabe kupirira kuli ndi polekezera. Vasco anayamba wadandaula, kenako ataona kuti khamu likumuyang'ana anakweza mapewa n'kunena kuti munthu ngati iye sakakamira pamene sakufunidwa.

A Horácio anaimirira pathumba lawo n'kupereka chigamulo mokweza kuti chimveke tsidya. Ukwati watha. Ana akhala ndi mayi wawo, ndipo bambo wawo aziwaona masiku a msika ndi kuwathandiza ndi sopo ndi mchere. Chitseko chibwerera kumene kuli ana. Zida za ukalipentala, macheka, nyundo ndi chopalira matabwa, zimene Vasco anazisiya chifukwa njinga inadzaza, zipita kwa mwini wake, poti ndi zimene amadyera. Mayi Lucinda anawonjezera kuti ndi zida zimenezo Vasco akhomere Verónica chitseko china. A Horácio anati nyumba imeneyo ili m'dziko la eni, choncho limeneli si lamulo koma pempho. Amayi a tsidya anayankha kuti pemphilo aliyang'anira iwo.

Matias, pofuna kuoneka kuti wagwirako ntchito, anakumbutsa kuti mwamuna amapereka kanthu kosonyeza kuti wamusudzula mkazi. Vasco anapisa m'matumba onse a jekete. Munatuluka maparafuzu ndi chipeso. Maparafuzu anawabweza m'thumba, chipeso n'kupatsira Matias, amene anawoloka nacho msewu atachigwira ndi manja awiri.

Chitseko chinafika dzuwa lisanafike pamutu, chili panjinga, ana a Verónica akuchiperekeza. Vasco anachikankha mpaka m'mphepete mwa msewu n'kufunsa kuti akachipachike ndani. Matias anati iye. Vasco anafunsa kuti achipachika ndi chiyani. Matias anati ndi misomali, kunyumba kwa mlongo wake sikungasowe misomali iwiri itatu.

Nkhope ya Vasco inasintha kuposa mmene inasinthira pomva chigamulo.

"Mlombwa sakhomera misomali," anatero. "Ung'aluka."

Matias anati ukang'aluka amanga ndi waya. Vasco anayang'ana chitseko chake, anayang'ana phiri, anafunsanso a Horácio ngati zoonadi palibe womugwira. Kenako anakankha njinga n'kuwoloka msewu, ndipo khamu linamuwombera m'manja.

Njira yonse yobwerera kumudzi ankayang'ana chitsamba chilichonse, ndipo nkhwali itabuka m'udzu anangotsala pang'ono kugwetsa njinga. Koma atafika pakhomo manja ake anakhazikika. Anachotsa mphasa, anaimika chitseko, Sara akumugwirira, n'kubwezera parafuzu lililonse m'bowo lake. Anachitsegula ndi kuchitseka kangapo akumvetsera, anapaka kasopo pamene chinkakhula, ndipo anauza Jaime kuti asamalendewere pachogwirira. Gogo uja anafunsa ali pakhonde ngati chakonzeka tsopano. Vasco anayankha mwaulemu kuti chakonzeka.

Celestina anamuphikira kachewere wothira mchere wa kumsika n'kumupatsira pakhonde, m'mbale ya alendo. Anadya ndi ana ake, akuwauza kuti tsiku la msika adzawagulira nzimbe. Atatha anamangirira zida zake panjinga, anatsanzika apongozi ake akale, n'kunyamuka dzuwa likadali m'mwamba, akupalasa mofulumira.

Celestina anakumba kachewere wake yense chaka chimenecho, ndipo anabzalanso nyemba kudimba. Mvula itayamba kugwa nkhondo inafika ndithu. Shikola inatsekedwa, a Horácio anabwerera ku Tete pa mdipiti wa magalimoto operekezedwa ndi asilikali, ndipo mudzi wonse unawoloka msewu. Celestina anakweza amayi ake pangolo ya munthu wina pamodzi ndi mbewu ndi miphika. Anamanga pafupi ndi Mayi Lucinda, pamalo amene othawa nkhondo anapatsidwa. Tiribunali kunalibenso, koma anthu sanasiye kukangana, ndipo ankabwerabe kwa Mayi Lucinda, amene ankawamvera akusankha nyemba palichero.

Tsiku lina Celestina ali pamsika akugulitsa masamba, Verónica anabwera n'kukhala pambali pake. Atalonjerana ndi kufunsana za ana, Verónica anati akufuna kuti wina amulozere kwa Mayi Lucinda. Anati waganiza zomulola Vasco kuti amukwatire, koma akufuna zichitike pamaso pa anthu, ndipo zinenedweretu kuti chake n'chiti, cha mwamunayo n'chiti. Ananena zimenezi akuyang'ana masamba, kenako anafunsa ngati Celestina aona choipa.

Celestina anati palibe choipa. Anati munthuyo samenya, samwa, ndipo nyumba yake siidontha. Anangomulangiza kuti kukachitika chinthu asamayembekezere kuti amuthandiza kunyamula ana, ndiponso kuti akayamba kuyankhula ndiwo zili pamoto, aziyamba waphula. Verónica anati zachiwirizo waziona kale.

Celestina anauza Sara kuti atsale pamasamba, anakung'untha chitenje, ndipo amayi awiriwo analowera njira ya kumisasa. Panjira Verónica anafunsa ngati nyemba za ku Ntengo-Wambalame zingachite bwino m'dothi la kuno, ndipo Celestina anati ayesa mizere ingapo kuseri kwa nyumba, akafika amuonetsa.